Mafunso ndi Mayankho: Chikondi Changa pa Mabuku a Mbiri ya Moyo ndi Nkhani Zopeka za Matsenga

Pashelefu yanga pali mitundu iwiri ya mabuku imene anthu amadabwa kuiona itagundana. Kumanzere kuli mabuku amene anthu analemba okha za moyo wawo: akaidi, akapolo othawa, madokotala, ana amene anakulira m'nkhondo. Kumanja kuli zimabuku zonenepa za zinjoka zouluka, amatsenga ndi mafumu a maiko amene kulibe. Mlendo aliyense amayang'ana uku, n'kuyang'ana uko, kenako mafunso amayambika. Mafunsowo sasintha kwenikweni, ndiye ndangowasonkhanitsa pano pamodzi ndi mmene ndimayankhira.

Kodi mabuku onse a mbiri ya moyo ndi amodzi?

Ayi. Pali buku limene munthu amafotokoza moyo wake wonse, kuyambira kumene anabadwira mpaka pamene wafika tsiku limene akulembalo. Pa Chingerezi amati autobiography. Long Walk to Freedom la Nelson Mandela, limene linatuluka mu 1994, ndi lotero: limayambira ku Transkei iye ali kamnyamata koweta ng'ombe, n'kukathera pamene akutenga utsogoleri wa South Africa. Pali lina limene wolemba amangotapako chigawo chimodzi, kaya zaka za ubwana, kaya za m'ndende, kaya matenda a mayi ake, kaya ulendo umodzi wokha. Limeneli amati memoir, ine ndimangoti buku la zokumbukira. Wole Soyinka wa ku Nigeria mu Aké, la mu 1981, amanena za ubwana wake mpaka atafika zaka pafupifupi 11, basi. Za mphoto, za ndende, za ndale, mulibe.

Dayale ndi ina. Imalembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo wolembayo sadziwa za mawa. Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene anabisala pothawa a Nazi koma n'kudzafera m'msasa wawo, anayamba yake mu Juni 1942, ndipo tsamba lomaliza ndi la pa 1 Ogasiti 1944. Iwe wowerenga umadziwa zimene zikubwera, iye sakudziwa. N'chifukwa chake dayale imapweteka mwa mtundu wake.

Mwa zonsezi mtima wanga uli pa zokumbukira. Munthu akati anene moyo wake wonse amathamanga, amadumpha zing'onozing'ono kuti akafike pa misonkhano ikuluikulu. Koma ine zimene ndimafuna ndi zing'onozing'onozo.

Mungakonde bwanji zoona ndi zopeka nthawi imodzi? Sizitsutsana?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo ndi limene ndimakonda kuyankha.

Ubwana wa munthu wina ndi dziko limene sindingapondemo ndi phazi langa. Nyumba ya mphunzitsi wamkulu ku Abeokuta m'zaka za m'ma 1930, imene Soyinka anakuliramo, kulibenso monga inalili. Anthu ake ambiri anamwalira, malamulo ake anatha, mantha a ana a m'nyumbamo anapita nawo. Kuti ndilowemo ndiyenera kugwira dzanja la wolemba, andiuze kuti uyu ndi ndani, ichi n'choletsedwa chifukwa chiyani, usiku kumamveka chiyani kuseri kwa mpanda. Ndikatsegula buku la matsenga zimene zimachitika n'zomwezo. Ndimafika m'dziko lachilendo, sindidziwa amene ali ndi mphamvu, sindidziwa chimene anthu akuopa, ndipo masamba 50 oyamba ndimakhala ngati mlendo amene akungomvetsera. Njala yake ndi imodzi: kufuna kukhala kwa kanthawi m'khungu limene si langa.

Palinso china. Olemba zopeka amabisa moyo wawo m'nkhani zawo. C. S. Lewis anataya mayi ake ndi matenda a khansa mu 1908, ali ndi zaka 9. Mu 1955 anatulutsa mabuku awiri. Limodzi ndi Surprised by Joy, lofotokoza moyo wake, mmene akunena za imfa ya mayi akewo mwachidule, ngati munthu amene akuopa kukhudza bala. Linalo ndi The Magician's Nephew, limodzi mwa mabuku 7 a Narnia, mmene muli kamnyamata kamene mayi ake ali gone, akufa, ndipo kamabwera ndi chipatso kuchokera kudziko lina, mayi aja n'kuchira. Chaka chimodzi, munthu mmodzi, chisoni chimodzi. M'buku loyamba akunena zimene zinachitika. M'buku lachiwiri akunena zimene mwana wa zaka 9 uja ankalakalaka. Ndiuzeni, ndi liti mwa awiriwa limene likutiuza zambiri za Lewis? Ine ndinawerenga la Narnia poyamba, ndili wamng'ono, ndipo ndinangosangalala kuti mayi achira. Nditadzawerenga linalo ndili wamkulu ndinabwerera ku mutu wa chipatso uja, ndipo sindinathe kuumaliza nthawi imodzi.

Anthu anayamba liti kulemba za moyo wawo?

Kalekale, koma buku limene ambiri amayambira kuwerengera ndi Confessions la Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, limene analemba cha m'ma 397 mpaka 400. Buku lonselo akuyankhula ndi Mulungu, ife tikungomvera cha m'mbali. Chimene chimandiseketsa n'chakuti munthu wamkulu chotero amathera masamba ambiri pa nkhani ya mapeyala amene anaba ndi anzake ali ndi zaka 16. Sanali ndi njala, mapeyalawo sanali okoma, ambiri anakaponyera nkhumba. Chimene chikumuvutitsa n'chakuti anaba chifukwa chongokonda kuba. Pamenepo ndi pamene mtundu wa mabukuwu unapeza njira yake: kanthu kakang'ono, koyang'anitsitsa mpaka kaulule munthu yense.

Jean-Jacques Rousseau analemba lake la dzina lomwelo, limene linayamba kusindikizidwa mu 1782, iye atamwalira kale. Uyu sankayankhula ndi Mulungu koma ndi anthu. Anaulula kuti ali mnyamata anaba kaliboni n'kunamizira mtsikana wantchito, ndiponso kuti ana ake asanu anakawasiya kumalo osungira ana otayidwa.

Koma amene amandigwira mtima kwambiri ndi amene kulemba kwawo kunali umboni wakuti iwo ndi anthu. Olaudah Equiano, amene anakhalapo kapolo, anatulutsa mbiri yake ku London mu 1789. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo ku America mu 1838, anatulutsa yake mu 1845. Onse awiri pamutu wa buku anaikapo mawu osonyeza kuti analemba ndi iwo eni, chifukwa panali anthu ambiri okhulupirira kuti munthu wakuda sangalembe chotero. Douglass amafotokoza mmene mkazi wa mbuye wake anayambira kumuphunzitsa zilembo, mwamuna wake n'kuletsa, iye n'kumakasinthanitsa buledi ndi maphunziro kwa ana achizungu osauka m'misewu ya Baltimore. Njira imene anathawira sanaiulule mu 1845, poopa kutsekera anzake amene anali asanathawe. Anadzaiulula mu 1881, m'buku lake lachitatu, ukapolo utatha.

Kodi munthu angakumbukiredi mawu amene anayankhulidwa zaka 40 zapitazo?

Sangathe. Wolemba aliyense wa zokumbukira akaika mawu m'kamwa mwa agogo ake, akumanganso, sakujambula. Wowerenga wanzeru amadziwa zimenezi ndipo amavomereza, bola mzimu wa zimene zinanenedwa ukhale woona.

Vuto lenileni ndi lozama kuposa apo. Ubongo susunga zinthu ngati kabati. Nthawi iliyonse tikakumbukira timaumbanso. Chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chitaphulika pa 28 Januwale 1986, katswiri wina wa maphunziro a maganizo, Ulric Neisser, anauza ophunzira ake m'mawa mwake kuti alembe kumene anali pamene anamva nkhaniyo ndi amene anawauza. Patapita zaka pafupifupi zitatu anawafunsanso. Ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba poyamba, koma ali otsimikiza ndithu. Ena ataonetsedwa zolemba za dzanja lawo lomwe anakakamirabe pa chikumbukiro chatsopanocho.

Dokotala Oliver Sacks anagwa m'mbuna yomweyi. M'buku la ubwana wake, Uncle Tungsten, la mu 2001, anafotokoza mabomba awiri amene anagwa pafupi ndi nyumba yawo ku London nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Lachiwirilo analifotokoza bwino kwambiri: bambo ake akupopa madzi, abale ake akuthamanga ndi zidebe, moto ukungokula. Buku litatuluka mkulu wake anamuuza kuti iye Oliver kunalibe tsiku limenelo, anali kusukulu yogonera konko, ndipo nkhaniyo anaimva m'kalata ya mkulu wawo wina. Sacks sananame. Kalatayo inamulowa mpaka inasanduka maso ake.

Nanenso zinandichitikira. Kwa zaka zambiri ndinkasimba za tsiku limene ndinagwa panjinga n'kung'ambika chibwano. Ndinkaona mchenga, ndinkamva kukoma kwa magazi m'kamwa, ndinkaonanso gudumu likuzungulirabe njinga ili chigonere. Tsiku lina ndikusimba, mlongo wanga anangokweza mutu wake n'kundionetsa chipsera pansi pa chibwano. Ine ndinagwira changa: chosalala. Amene anagwa ndi iye, ine ndinali chilili pambali ndikulira. Kuyambira tsiku limenelo ndimawawerenga mwachifundo olemba zokumbukira.

Nanga amene amanama dala?

Awa ndiye ayi. Kulakwitsa pokumbukira ndi kwina, kupeka n'kumati zinachitika ndi kwina. James Frey anatulutsa A Million Little Pieces mu 2003, lonena za moyo wake wa mankhwala osokoneza bongo. Oprah Winfrey atalisankha kuti owonera pulogalamu yake aliwerenge, linagulidwa ngati moto. Mu Januwale 2006 zinaululika kuti zambiri anakokomeza: ankati anakhala m'ndende masiku 87, pamene anangosungidwa maola ochepa. Choipa kwambiri chinali cha buku la Fragments la mu 1995, limene wolemba wake, wodzitcha Binjamin Wilkomirski, ankati anali mwana m'misasa yopherako Ayuda. Mu 1998 zinadziwika kuti anabadwira ku Switzerland ndipo anakulira konko.

Anthu ena amati, "Nanga si nkhaniyo ndi yokoma, vuto lili pati?" Vuto lili pa pangano. Wolemba zokumbukira amandiuza kuti izi zinandichitikira, ndipo ine ndimatsegula mtima mwa njira ina chifukwa cha mawu amenewo. Ndimalira misozi ya munthu weniweni. Akakhala kuti wapeka, wandibera misoziyo, ndipo waberanso anthu amene anavutikadi, chifukwa mawa iwo akadzanena zawo anthu adzakayika. Wolemba za zinjoka sandinamiza. Amandiuza pachikuto pomwe kuti tiyerekeze.

Kulemba za iwe mwini si kudzitama?

Nthawi zambiri n'kudzitamadi. Mabuku ambiri a anthu andale ndi amalonda ndimawasiya ndisanafike pakati, chifukwa munthu wake sanalakwepo chibadwire: aliyense amene anatsutsana naye anali wopusa kapena wansanje, chilichonse chimene chinayenda bwino anayambitsa ndi iye. Ndili ndi kamuyeso kanga. Ndimayang'ana tsamba limene wolemba akuoneka woipa, wamantha kapena wopusa, popanda kudziikira kumbuyo m'ndime yotsatira. Ndikafika tsamba 100 osalipeza, ndimadziwa kuti ndikuwerenga chikalata chofunsira ntchito, osati moyo wa munthu.

Ndamva kuti anthu otchuka salemba okha. N'zoona?

Ambiri amathandizidwa, ndipo si chinsinsi nthawi zonse. Mbiri ya Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, inalembedwa pamodzi ndi Alex Haley kuchokera pa kucheza kwawo kwa nthawi yaitali, ndipo inatuluka mu 1965, miyezi ingapo Malcolm ataphedwa. Mandela anagwira ntchito ndi mtolankhani Richard Stengel. Komatu maziko a buku lake anawaika yekha kundende ya ku Robben Island cha m'ma 1975, akulemba usiku mobisa. Anzake ankakopera m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo Mac Maharaj anatuluka nazo pamene anamasulidwa mu 1976. Mapepala enieni anawakwirira m'dimba la m'bwalo la ndende. Oyang'anira ndende pomanga khoma anafukula ena, ndipo Mandela, Walter Sisulu ndi Ahmed Kathrada analandidwa mwayi wophunzira kwa zaka zinayi.

Ine sindidandaula kuti munthu wathandizidwa. Chimene ndimamvetsera ndi mawu. Ngati ndikumva munthu mmodzi akuyankhula, ndi kapumidwe kake, zili bwino. Ngati ndikumva komiti, ndimatseka.

Nkhani za matsenga si za ana?

Zina ndi za ana, ndipo palibe cholakwika. The Hobbit la J. R. R. Tolkien, la mu 1937, linayamba ngati nkhani yosimbira ana ake. Koma The Lord of the Rings, limene linatuluka m'zigawo zitatu mu 1954 ndi 1955, linalembedwa ndi munthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Somme, ku France, mu 1916, ndipo iye mwini ananena kuti pofika 1918 anzake onse apamtima anali atafa kupatula mmodzi. M'bukumo muli dambo limene nkhope za akufa zimaoneka pansi pa madzi. Tolkien anavomereza m'kalata ina kuti malowo ali ndi kena kochokera kumpoto kwa France nkhondo ija itadutsa. Ndipo mwini nkhani akabwerera kwawo atapambana, sapezanso mtendere. Bala lake silipola, anthu akwawo samvetsa zimene anaona. Mwana amawerenga n'kuona ulendo. Munthu amene anakhalapo ndi msilikali wobwerera kunkhondo amaona china.

Ena amati mabukuwa n'kuthawa moyo weniweni. Tolkien anayankha zimenezi m'nkhani imene anakamba ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland mu 1939. Mfundo yake inali yakuti tisasokoneze kuthawa kwa mkaidi ndi kuthawa kwa msilikali wosiya anzake pankhondo, ndipo mkaidi sitingamudzudzule chifukwa choganiza za zinthu zina osati makoma ndi alonda okha. Ndimagwirizana naye, ngakhale ndivomereze kuti ndinadziwapo nyengo imene ndinkabisala m'mabukuwa kuthawa ntchito imene inkandidikira. Pamenepo vuto linali ine.

Ngati m'nkhanimo chilichonse chingachitike, chokoma n'chiyani?

Nkhani imene chilichonse chingachitike ndi nkhani yoipa. Buku labwino la matsenga lili ndi malamulo okhwima kuposa mabuku ambiri a moyo wamasiku onse, ndipo wolemba akaswa lamulo lake lomwe, owerenga samukhululukira.

Taonani A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin, la mu 1968. M'dziko limenelo chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo amene wadziwa dzinalo ali ndi mphamvu pa chinthucho. Motero maphunziro a wamatsenga ambiri ndi kuloweza mayina, ntchito yotopetsa ngati ya kalasi iliyonse. Komanso palibe chaulere: ukaitana mvula kuno, kwina kuuma. Mnyamata wa m'nkhaniyo, chifukwa cha matama ndi kufuna kuposa mnzake, amachita chimene sanayenere, n'kumasula chithunzithunzi chimene chimamusaka m'buku lonse. Mathero ake sindinena, koma aliyense amene anayamba wathawapo cholakwa chake adzazindikira.

Kwa ine apa ndi pamene mitundu iwiri ija imagwirana chanza. Wolemba zokumbukira wamangidwa ndi zimene zinachitika, sangaukitse mayi ake chifukwa choti mutuwo ukome. Wolemba za matsenga wamangidwa ndi malamulo amene waika yekha, sangatulutse mphamvu yatsopano m'thumba patsamba lomaliza kuti apulumutse munthu wake. Onse awiri akanyenga ndimamva m'mimba nthawi yomweyo.

Tolkien anafika nazo patali zimenezi. Ntchito yake inali yofufuza zinenero ku Oxford, ndipo anayamba ndi kupeka zinenero, Quenya ndi Sindarin, kenako n'kumanga dziko loti anthu oziyankhula akhalemo. Mapu amene ali koyambirira kwa buku si chokongoletsa. Ine ndimaika chala pamapupo ndikamawerenga, ndipo mtunda umene anthu ayenda umagwirizana ndi masiku amene atha.

Mabuku amenewa si a nyumba zachifumu za ku Ulaya ndi anthu oyera okhaokha?

Kwa nthawi yaitali amene ankapezeka kwambiri anali otero, koma nkhaniyo si yonse. D. O. Fagunwa wa ku Nigeria anatulutsa buku m'Chiyoruba mu 1938 lonena za mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu, ndipo Soyinka analimasulira m'Chingerezi mu 1968. Onani chaka: 1938, chaka chimodzi chokha pambuyo pa The Hobbit. Amos Tutuola anatsatira mu 1952 ndi The Palm-Wine Drinkard, la munthu amene amanyamuka kukafuna wantchito wake kumudzi wa akufa. Chingerezi chake chinali chakechake, ndipo ophunzira ena akwawo anachita nacho manyazi pamene a ku London ankachiyamikira.

Masiku ano khomo latseguka kwambiri. Nnedi Okorafor analandira mphoto ya World Fantasy mu 2011 chifukwa cha Who Fears Death. N. K. Jemisin anapata mphoto ya Hugo ya buku lopambana zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, chinthu chimene palibe anachitapo m'mbuyomo, ndi mabuku onena za dziko logwedezeka ndi zivomezi mmene anthu okhala ndi mphamvu yoziletsa ndi omwe amasungidwa ngati akapolo. Werengani Douglass, kenako muwerenge Jemisin. Muona kuti akukambirana.

Ndine wopemphera. Kodi kuwerenga za matsenga sikundisokoneza?

Ili ndi funso la chikumbumtima, ndipo sindikakamiza munthu. Chimene ndinganene n'chakuti awiri mwa olemba otchuka kwambiri a mtunduwu anali Akhristu olimba: Tolkien anali Mkatolika, Lewis anali wa Anglican ndipo analembanso mabuku ambiri oteteza chikhulupiriro. Mkango wa m'mabuku a Narnia umafa m'malo mwa mwana wolakwa n'kuukanso. Tanthauzo lake silibisika. Matsenga a m'mabuku ambiri otere ndi chida chofunsira funso lakale: munthu akapatsidwa mphamvu yoposa anzake, amasanduka chiyani? Komabe mabuku sali ofanana. Alipo a nkhanza zoopsa ndi zogonana zoonekeratu, monga a George R. R. Martin, amene sindingapatse mwana. Ngati buku likukuvutitsani mumtima, lisiyeni. Mabuku ndi ambiri.

Mabukuwa ndi aakulu zedi. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi mndandanda wautali. The Wheel of Time uli ndi mabuku 14, kuyambira 1990 mpaka 2013, ndipo mwini wake Robert Jordan anamwalira mu 2007 asanamalize. Atatu omaliza anawalemba Brandon Sanderson potsatira zimene anasiya. Martin anayamba wake mu 1996, buku lachisanu linatuluka mu 2011, ndipo owerenga anatsala akudikira lotsatira chaka ndi chaka. Amene walira mvula walira matope: ukalowa m'mndandanda wosatha, uvomereze kudikira.

Yambani ndi laling'ono lodziimira palokha. Earthsea loyamba lija silifika masamba 250 m'zosindikiza zambiri. Mbiri ya Douglass ya mu 1845 ndi yaifupi kwambiri, mungaimalize m'masiku awiri. Ngati mumakonda kuseka, Terry Pratchett analemba mabuku 41 a Discworld, ndipo ambiri mungawawerenge osatsata ndondomeko. Kumbali ya zokumbukira, I Know Why the Caged Bird Sings la Maya Angelou, la mu 1969, limagwira munthu kuyambira tsamba loyamba, koma dziwani kuti muli nkhani yowawa ya kugwiriridwa kwa mwana. I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965, ndi la mnyamata amene ananyamuka wapansi kuchoka ku Nyasaland mpaka kukafika ku Khartoum pofuna maphunziro a ku America. Mukaliwerenga muona kuti likuyenda ngati nkhani ya matsenga: wosauka, ulendo wautali, alendo omuthandiza panjira, matenda, ndi malo akutali amene anangowamva dzina.

Langizo lina laling'ono: mayina achilendo asakuopseni. Simuyenera kuwatchula molondola, palibe amene akumva. Ine kwa zaka zambiri ndinkatchula dzina la munthu wina wa m'buku molakwika, mpaka nditamva pafilimu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti katchulidwe kanga n'kabwino kuposa kawo.

Mumawerenga mabuku angati nthawi imodzi?

Awiri, limodzi la mbali iliyonse. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi yokha ndimawatsutsa. Ndikawerenga mutu wa munthu amene akuzunzidwa m'ndende, sindingagone nawo. Ndimatenga linalo, ndiyendeko pang'ono m'nkhalango yopeka, mtima ukhale pansi. Atatu ndiye ayi, pamenepo ndimavumbwadi.

Ine si munthu wotchuka. Ndingalembe za moyo wanga?

Mungalembe, ndipo kusatchuka si vuto. Anne Frank anali mtsikana wamba wobisala m'zipinda zakuseri kwa nyumba ina ku Amsterdam. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti iye sanangolemba dayale n'kusiya. Mu Malichi 1944 anamva pawailesi nduna ya boma la Netherlands, ili ku London, ikupempha anthu kuti asunge makalata ndi madayale kuti adzakhale umboni nkhondo ikadzatha. Atamva izi anayamba kulembanso dayale yake pamapepala ena, kudula apa, kuwonjezera apo, kusintha mayina. Anali ndi zaka 14, koma anali atazindikira kale kuti zimene zinachitika ndi thabwa chabe, mpando umafuna mmisiri.

Musayambe ndi "Ndinabadwa m'chaka chakuti." Yambani ndi chipinda chimodzi, tsiku limodzi. Chitseko chinali mbali iti? Ndani anakhala pafupi ndi zenera? Ndani sanayankhule? Lembani zimene manja a anthu ankachita, chifukwa manja timawakumbukira bwino kuposa mawu. Mukamaliza, funsani wina amene analipo. Adzakutsutsani, monga anandichitira mlongo wanga, ndipo kutsutsanako nthawi zina kumakhala nkhani yokoma kuposa imene munayamba nayo.

Chovuta kwambiri ndi abale. Moyo wanu suli wanu nokha. Muli mayi anu, mwamuna kapena mkazi amene munasiyana naye, mnzanu amene anakuuzani chinsinsi. Iwo sanapemphe kulowa m'buku, ndipo alibe tsamba loti ayankhirepo. Olemba ena amasintha mayina, ena amadikira mpaka anthuwo atamwalira, ena amawaonetsa zolembazo zisanatuluke. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Ine ndili ndi kope limene ndalembamo masamba okwana 60 a ubwana wanga, ndipo laima pa mutu wa bambo anga kwa zaka zitatu tsopano.

Mungandibwerekeko limodzi?

Apa ndiye pamavuta. Ndinabwereka mnzanga wina buku langa loyamba la Earthsea, lachikuto chothothoka, lokhala ndi zolemba zanga za pensulo m'mphepete kuyambira ndili ndi zaka 15. Anati abweza Lachisanu. Papita zaka 9. Tikakumana timapatsana moni bwinobwino, timafunsana za ana, koma iye amadziwa ndipo ine ndimadziwa. Ndinagula lina latsopano, loyera bwino, koma mulibe kamwana kaja kamene kanalemba kuti "bodza!" pambali pa ndime imene lero ndimaiona kuti ndi yoona kuposa zonse.

Ndiye inde, ndikubwerekani. Koma ndilemba dzina lanu ndi tsiku m'kope langa, inu mukuona, ndipo la kumanzere kwenikweni pashelefupo, la Douglass lija, silituluka m'nyumba muno.